Wakuba ali ku Joni, ife tili ku Chinamwali: apolisi angamugwire?

Mayi ena a ku Chinamwali ku Zomba andilembera imelo. Anatumiza ndalama kwa munthu wa nambala yoyamba ndi +27 yemwe analonjeza kuwapezera mwana wawo ntchito ku Joni, ndipo ndalama zitangolowa foni inazima. Akufunsa kuti, poti pa wailesi timamva kuti maboma amasainirana mapangano othana ndi umbanda, apolisi athu sangamugwire munthuyo?

Mayi, mwanditokosa pachilonda. Mlamu wanga anali ndi njinga yamoto ya kabaza, yogula ndi ngongole ya banki mkhonde, ankanyamula anthu pakati pa Jali ndi Kachulu. Madzulo ena anyamata awiri anamuchita hayala, panjira n'kumumenya, n'kumulanda njingayo. Patapita nthawi asodzi anatitsina khutu kuti aiona kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, cha ku Mecanhelas, itapakidwa penti ina. Amene mumadziwa Chilwa mukudziwa kuti malire kumeneko ali pamapu pokha. Anthu amakwatirana, amagulitsana matemba ndi mpunga, maliro amalirira limodzi. Wakuba amaoloka pa boti m'bandakucha, koma wapolisi sangaoloke ndi unyolo wake kukagwira munthu m'dziko la eni. Tinalemba sitetimenti, tinauzidwa kuti alumikizana ndi anzawo a ku Mozambique. Tinayenda mpaka kutopa. Ngongole mlamu anaibweza ndi maganyu a m'minda ya mpunga, njinga osaionanso.

Mapanganowo alipo ndithu. Mu 2002 mayiko a SADC anasainirana za kubwezerana anthu othawa milandu ndi kuthandizana pa maumboni. Akuluakulu a polisi m'chigawo chino ali ndi bungwe lawo la SARPCCO kuyambira 1995, bungwe la apolisi a padziko lonse la INTERPOL lili ndi ofesi ku Area 30 ku Lilongwe, ndipo Malawi imakhala pansi ndi Mozambique komanso Zambia pa zachitetezo. Akafuna, zimayenda. Mu 2022 Lu Ke, mzika ya China yemwe BBC inamuulula kuti ankajambula ana akumudzi mowanyoza, anathawira ku Zambia, anagwidwa ku Chipata, ndipo m'masabata ochepa anali atabwezedwa kuno. Koma ya a Bushiri, omwe anachoka ku South Africa mu Novembala 2020, yadya zaka m'makhothi. Ine ndiye ndinagamula kalekale: mapangano amenewa amadzuka dziko likachita manyazi kapena dzina likakhala lalikulu. Njinga ya kabaza ilibe dzina.

Ndipo nkhani ikafika pa zigawenga ndiye ndimapsa mtima. Za ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, zinayamba mu 2017 ku Mocímboa da Praia, anthu wamba n'kumaphedwa zaka ndi zaka. Zigawenga zitalowa mu Palma mu Marichi 2021, pafupi ndi ntchito yaikulu ya gasi, pofika Julaye asilikali a Rwanda anali atafika pa mgwirizano wa maboma awiriwo, a SADC n'kutsatira. Sindikuti asakadapita. Ndikuti njira yomwe inadutsa njinga ya mlamu wanga mfuti ingadutsenso, ndipo boma lolephera kulondola njinga lisamatinamize m'mahotela a kunyanja kuti malire ndi okhwima.

Za pa intaneti nazo zili ndi pake. Lamulo lathu la 2016 loona za pa intaneti lamangitsapo anthu chifukwa cha zomwe analemba pa WhatsApp ndi Facebook zokhudza atsogoleri. Liwiro limenelo, mayi ngati inu akaberedwa, limapita kuti? N'chifukwa chake ndikamva kuti maboma azigawana zambiri za mafoni athu, ndimayamba ndafunsa kuti akufuna kugwira ndani.

Ndiye muchite chiyani?

Musafufute uthenga uliwonse. Imbirani kampani ya foni yomwe munatumizira ndalama lero lomwe, muwapatse nambala ya tiranzakishoni, kenako mupite ku polisi ndi chiphaso chanu, mulembetse sitetimenti ndi kusunga nambala ya mlandu. Muyang'anenso bwino nambala yomwe inalandira ndalamazo. Kawirikawiri ya +27 imakhala yochezera pa WhatsApp chabe, ndalama zimagwera pa nambala ya konkuno, yomwe kuyambira 2018 imayenera kulembetsedwa ndi chiphaso. Ngati zili choncho, yambirani pa mwini nambala imeneyo, za ku Joni zibwere pambuyo.