Wotsogola kutsalira atasintha matayala

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake wotsogola mu mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 amapezeka kumbuyo akangosintha matayala. Kusinthako n'kwa masekondi awiri kapena atatu basi. Timu ya McLaren inachita m'masekondi 1.80 ku Qatar mu 2023. Chimadya nthawi ndi kamsewu ka ku pit (malo osinthirako matayala), komwe m'mabwalo ambiri saloledwa kupitirira makilomita 80 pa ola. Pamenepo pamatayika masekondi pafupifupi 20.

Ndiye wachiwiri akalowa msanga, matayala atsopano amagwira phula zolimba, pomwe wotsogola akuterereka ndi akuthawo. Wotsogolayo akadzalowa mochedwa, watuluka mnzake atadutsa kale. Imeneyi ndiyo undercut. Mukamaonera Lamlungu ku Ndirandeko, yang'anitsitsani masekondi owasiyanitsa: akachepera awiri, wotsogolayo ali pamoto.

Safety car (galimoto imene imalowa kutsogolo kuti onse achepetse liwiro pakachitika ngozi) ikatuluka, ambiri amathamangira ku pit chifukwa nthawi yotayika imachepa kwambiri.