Mabuku asaonongeke m'shopu ya masewera

Achimwene, mwafunsa kuti mungatani kuti makasitomala azitsegula mabuku a chess ndi a masewera ena m'shopu yanu ku Kapata popanda kuwang'amba kapena kuwadetsa. Chonde musawaletse kugwira, ambiri amagula akayamba aona zam'kati.

Pa mtundu uliwonse patulani buku limodzi loti anthu aziona. Likutireni pulasitiki yoonekera, ngati ija timakutira mabuku a ana asukulu, ndipo kumsana kwake mulimbitse ndi selotepi yaikulu. Enawo akhale m'kabati yagalasi kuseri kwa kauntala. Lachitsanzolo likayamba kutha, mudzaligulitse motsitsa mtengo.

Komatu kuno kwathu choopsa kwambiri si manja a anthu. Mvula ikayamba mu Novembala, chinyezi chimafufumitsa mapepala, ndipo chiswe chimalowa mwakachetechete m'makatoni oikidwa pansi. Ine chinandidyera katoni yathunthu, mpaka lero mtima umandipweteka. Mashelefu asagunde khoma, ndipo buku lisagone pasimenti. Pawindo musayikepo kanthu, dzuwa la Okutobala limasulutsa zikuto.

Obwera ndi vitumbuwa kapena maheu m'manja, apempheni mwaulemu kuti amalizire panja.