Mipando 60 ikulemetsa Blender? Yesani Alt+D

Achimwene, mwati munapanga mpando umodzi mu Blender, pulogalamu yopangira zithunzi za 3D, n'kuuchulukitsa mpaka 60 ndi Shift+D, ndiye pano kompyuta ikuchita kukwawa, komanso mukakonza mwendo wa mpando woyamba inayo siikusintha. Nkhani yagona pa Shift+D yemweyo.

Mukadina Shift+D, mpando watsopano umabwera ndi mesh yakeyake, kutanthauza ukonde wa timfundo (ma vertex) umene umapanga maonekedwe ake. Ngati woyamba uli ndi ma vertex 20,000, ndiye kuti kompyuta yasenza mtolo umenewo ka 60. Pomwe ndi Alt+D, mipando yonse imadalira mesh imodzi. Mu Object Mode mutha kusuntha, kutembenuza kapena kukulitsa uliwonse paokha, koma mukadina Tab kulowa mu Edit Mode, mokonzera mesh, n'kufupikitsa mwendo umodzi, miyendo ya mipando yonse imafupika inu mukuona. Ine chilichonse chobwerezabwereza, kaya mawindo, mizati kapena mabawuti, ndimayambira pa Alt+D basi.

Musachite kuyambiranso ayi. Sankhani mipando yonse, womaliza kusankha ukhale uja mwaukonza bwino, kenako dinani Ctrl+L n'kusankha Link Object Data. Yonse itengera mesh ya umenewo.

Koma pali msampha wina umene unandidyera usiku wonse ndikuphunzira kumene. Mukangodina Shift+D kapena Alt+D, chinthu chatsopanocho chimamatirira ku mausi kudikira kuti muchisunthe. Mukadina batani lakumanja, mwaletsa kusunthako kokha, chinthucho sichinachoke, chakhala ndendende pamwamba pa chinzake. Ine ndinkangoona khoma likuthwanimathwanima ndi timadontho takuda, osadziwa kuti pali makoma atatu pamalo amodzi. Yang'anani mu Outliner, mndandanda wa zinthu zonse zimene zili mu ntchito yanu: mukaona mayina ngati Cube.001 ndi Cube.002 amene simukuwadziwa, ndi omwewo, afufuteni. Zikachitikira mu Edit Mode, sankhani zonse ndi A, dinani M, kenako By Distance, ma vertex ophatikizana alumikizana.

Tsiku lina mudzafuna mpando umodzi ukhale wosiyana, mwina wothyoka msana. Pitani ku Object, Relations, Make Single User, musankhe Object & Data, ndipo umenewo udzaima paokha. Muchitenso chimodzimodzi Blender ikakana apply (kukhazikitsa) ya modifier, chida chosinthira maonekedwe a chinthu, pa mesh imene zinthu zingapo zikugawana.

Ngati mipandoyo ili pamzere wowongoka, Array modifier ndi yachangu koposa: lembani 10 pa Count, konzani mpata pa Relative Offset, kenako onjezani Array yachiwiri ya mizere 6 yolowera kumbuyo.