Kuwoloka, kuwolotsa, kuwombola: mafunso a pa boda

Mafunso amene andipeza masiku ano onse akununkha Disembala, zikuchita kuoneka kuti anthu ayamba kusintha matayala ndi kumanga zikwama, nde tiyeni tingowayankha musananyamuke.

Achimwene ena a ku Turffontein, ku Joni kuno, alemba kuti: "Aphunzitsi, chaka chatha ndinalemba pa WhatsApp kuti tafika pa boda, mwana wa mlongo wanga wa Folomu 3 anandiseka akuti Chichewa chake ndi malire. Wolakwa ndani?"

Achimwene, mwanayo mumugulire nsapato chifukwa akumvetsera m'kalasi, koma apa waphonya pang'ono. Malire ndi boda si chinthu chimodzi ayi. Malire ndi mzere, pamene munda wanu wathera ndi kuyambira wa mnzanu, mawu akalekale omwe agogo ankamenyanirana makasu. Boda ndi malo, pali geti, pali maofesi, pali osintha ndalama ndi amayi ogulitsa nthochi, ndipo pali chidindo. Mukafuna kumvetsa pitani pa Lizulu, msewu wa M1 uja pakati pa Ntcheu ndi Dedza, pamene msewu womwewo ndiwo ukusiyanitsa Malawi ndi Mozambique. Munthu amatsika minibasi, kudutsa tala, kukagula kabichi ndi mbatatesi tsidya linalo, kubwerera kudzakhala pampando wake minibasi isanadzaze. Walumpha malire kawiri ameneyo koma pa boda sanapondepo. Nde mukanalemba kuti tafika pa malire akumudzi akanadabwa, malire ake ati.

A pawailesi amati chipata, chipata cha Mwanza, chipata cha Dedza, chipata cha Songwe, ndipo ine mawu amenewa ndimawakonda kwabasi chifukwa ndi athuathu ndipo akunena chenicheni, khomo la mpanda. Polemba kalata kapena nkhani lembani chipata. Koma pakamwa boda anakhazikika kale, ena amachita kukoka kuti bodala, ndipo wabereka ndi ana omwe kwina, njinga zonyamula anthu zija ife timati kabaza a ku Uganda ndi Kenya amati bodaboda. Mawu oti abereka ana simungawathamangitsenso. Chimene sindingalole ndi ichi ndikumva kwa anyamata a ku Park Station, pokwerera mabasi ku Joni kuno, chakuti "takrosa boda", ameneyo nde ulesi basi, mneni tili naye kale, ndi amene akubwera m'funso lachiwirili.

Mayi ena a ku Mayfair akuti: "Chaka chino tikupita kumudzi pa galimoto yathu koyamba, ya nambala ya kuno ya GP, Januwale tibwerera nayo. Bambo a kunyumba akuti tikaiwombola pa Mwanza, ine ndikuti tikangoiwolotsa. Tatsutsana mpaka nsima kuzizira. Kodi si chimodzimodzi?"

Mayi, inu ndi amene mukukhoza, bambowo muwauze mwaulemu koma muwauze ndithu, chifukwa kusiyana kwa mawu awiriwa ndi kwa ndalama zoti mukhoza kumangira nyumba. Funso ili landisangalatsa, ndikhalapo pang'ono.

Tiyambe ndi kuwoloka. Awa ndi mawu a pamadzi, umawoloka mtsinje, suwoloka munda kapena bwalo la mpira. Nanga zinatheka bwanji kuti tizinena kuti kuwoloka boda? Ine ndimati mawuwa anabwera ndi azigogo athu a nthawi ya Wenela ndi aja ankayenda wapansi kubwera ku Joni kuno, chifukwa kwa iwo ulendowu unali wa mitsinje, Zambezi kenako Limpopo, ndipo munthu ankadziwa kuti wafika dziko la eni madzi akamufika m'chiuno. Mpaka lero mukatenga N1 kudutsa Polokwane mpaka Musina, makilomita oposa 500, pa Beitbridge, boda yolowera ku Zimbabwe, mukuwolokadi Limpopo, mlatho woyamba unamangidwa mu 1929 ndipo dzinalo ndi la Alfred Beit, mzungu wa migodi uja. Pa Tete mukuwolokadi Zambezi. Koma onani mmene chiyankhulo chimachitira, pa Nyamapanda potuluka mu Zimbabwe, kapena pa Zobue polowa ku Mwanza, mukungodutsa geti pouma gwa, komabe mumaimba foni kumudzi kuti tawoloka. Mtsinjewo unatsalira m'mawumo.

Tsono kuwolotsa ndi kuchititsa kuti china chiwoloke. Kwathu kudambo mvula ikagwa kunali madala ena a bwato ankawolotsa anthu ndi njinga zawo, munthu mtengo wake njinga mtengo wake, ndipo ndikaima pa boda ndimawakumbukira chifukwa dongosolo lake ndi lomwelo. Inuyo mumawoloka, galimoto mumaiwolotsa. Windo la imigireshoni ndi lanu, mukadinditse pasipoti. Windo la kasitomu ndi la galimoto, ili ndi mapepala akeake ngati munthu, ndipo chachikulu ndi TIP, chilolezo chakuti galimotoyi yalowa ngati mlendo, masiku ake awerengedwa, idzatulukanso. Ulendo wanuwu mudzaza TIP katatu, Zimbabwe, Mozambique, Malawi, ndipo pobwerera akakufunsani kapepalako potuluka, musakulungire mandasi chonde.

Poti ndinu oyamba ndingokuuzani ngakhale si Chichewa ichi. Tengani pepala la umwini wa galimoto lenilenilo, limene kumudzi timati bulubuku ngakhale kuno si buku komanso si la buluu. Ngati galimoto ili pangongole mukatenge kalata ku banki yololeza kuti ituluke m'dziko, ngati ili m'dzina la munthu wina kalata ya mwiniwake yodindidwa, komanso pepala la polisi losonyeza kuti si yakuba ndi bwino kukhala nalo. Inshuwalansi dziko lililonse limafuna yake. Ija amati yelo khadi ya COMESA imagwira ku Zimbabwe ndi ku Malawi koma Mozambique mulibemo, nde pa Cuchamano, polowa mu Mozambique, mugula yawo. Stika ya ZA kumbuyo yosonyeza kuti galimoto ndi ya ku South Africa, matrayango awiri, kajekete kowala kaja, apolisi a pamsewu wa Tete zimenezi amazifunsa. Chabwino chake mayiko onse anayiwa amayenda kumanzere, bambowo sasokonezeka.

Nanga kuwombola? Aaa mawu olemera awa. Kuwombola ndi kulipira kuti chinthu chimene chagwidwa chibwerere m'manja mwako. Mbuzi yanu ikadya chimanga cha eni amaimangirira pamtengo kwa amfumu, mumapita ndi nkhuku kukaiwombola. Mukasiya wailesi ngati chikole kwa wakatapila mumakaiwombola. Kutchalitchi nkomwe timaimba za kuwomboledwa. Amene anayamba kunena kuti kuwombola galimoto ku MRA, bungwe lotolera misonkho, anali katswiri wa chiyankhulo ngakhale sankadziwa, chifukwa galimoto yogula kunja imakhaladi ngati yamangidwa mpaka msonkho wonse utaperekedwa, kenako ipatsidwe nambala ya Malawi ndi bulubuku yake, ikhale mbadwa. Yowolotsa ndi mlendo wogona kuchipinda cha alendo, yowombola yakwatiwa pamudzipo. Inu mukubwerera nayo Januwale, nde mukuwombola chiyani, yagwidwa ndi ndani?

Ndipo apa mpamene anthu amapsa. Munthu walowa nayo pa TIP, wafika kumudzi achibale aisilira, malume akuti isiye tiziyendera kuchigayo ndi kumaliro, iye nkukwera basi kubwerera ku Joni. Masiku a TIP atha, galimoto yomwe inali mlendo yasanduka mtchona wopanda chiphaso, tsiku lina igwidwa pa rodibuloko ndipo pamenepo nde mudzaiwomboladi m'tanthauzo la mbuzi lija, chindapusa pamwamba.

Chimene chasokoneza zonsezi ndi mawu awa akuti kukiliya. Ndimadana nawo, ndinene poyera. Munthu akiliya pasipoti, akiliya galimoto, akiliya katundu, akiliya ngongole, akiliya ndi mbale ya nsima yomwe, mneni mmodzi wameza aneni asanu. Ineyo anandipweteka mawu amenewa. Ulendo wanga woyamba pa kagalimoto kanga kakale, pa boda ina imene sindiitchula, usiku tulo tili m'maso, anandithamangira dobadoba wina atakolekera kakhadi m'khosi, "bwana mukiliya?" ine eee ndikiliya. Ananditengera mapepala kukandiimika pamzere wa anthu olowetsa magalimoto ogulitsa, pakati pa madalaivala a mathiraki, maola awiri ndili chiimire udzudzu ukundidya akakolo, kufika pawindo mayi wa pamenepo angoyang'ana pepala nkundilozera windo lina kumene kunali anthu atatu okha. Dobadoba uja anali atazimiririka ndi ya fanta yomwe. Akanandifunsa m'Chichewa kuti mukuwolotsa kapena mukuwombola ndikanayankha bwino, mwana wa Sitandade 4 akhoza kusiyanitsa.

Kudumpha boda nde musakutchule nkomwe pawindo, ngakhale mocheza. Kumeneko ndi kwa a m'tchire opanda chidindo, ndipo ndinamvapo mkulu wina akunena monyadira kuti tadumpha boda bwinobwino pamene mapepala ake onse anali olongosoka. Mawu ali ndi eni ake.

Lomaliza ndi la mtsikana wina wa ku Rosettenville, akuti iye amati galimoto yanga, chibwenzi chake chimati galimoto langa, ndani asinthe.

Asasinthe aliyense mwanawe, pali zambiri zoyambanirana m'banja. Galimoto tinabwereka ku Chiswahili, gari kuphatikiza moto, ngolo ya moto, ndipo gari yo Aswahili nawonso anatenga kwa amwenye. M'Chiswahili amati gari langu, zambiri magari, nde mnyamata wakoyo ndi langa lakelo akusunga mtundu wa mawuwo kuchokera kwawo, ndipo nchifukwa chake tonse timati magalimoto. Koma Chichewa chili ndi chizolowezi chake, mawu obwera ambiri chimawaponya m'gulu la nyumba ndi njinga, nde tinayamba kuti galimoto yanga, basi yathu, lole yawo, boda ya Mwanza. M'mabuku ndi m'nyuzi mupeza kwambiri yanga, ndipo polemba ine ndimalemba yanga. Bambo anga omwe anagwirapo ntchito m'migodi ya kuno mpaka kumwalira ankati galimoto langa, chonsecho anali ndi njinga ya Humber basi.

Funso loti umufunse mnyamatayo ndi lakuti pepala la galimotoyo lili m'dzina la ndani, chifukwa pa Beitbridge yanga kapena langa samva, amawerenga dzina.