Kodi mphamvu za mtengambali tizipeze bwanji?

Funso: Akonzi, ine ndi anzanga kuno ku Matawale mumzinda wa Zomba tayamba kusewera Dungeons & Dragons, masewera amene aliyense amakhala mtengambali m'nthano yongopeka, koma tasemphana maganizo chifukwa madayisi anapatsa mmodzi wa ife manambala apamwamba okhaokha pa mphamvu za mtengambali wake. Kodi njira yachilungamo ndi iti?

Yankho: Dandaulo lanu ndi lomveka, pakuti manambala asanu ndi limodzi amenewa, oimira nyonga, changu, thanzi, luntha, nzeru ndi chikoka, amatsata mtengambali wanu miyezi yambiri. Masewerawa atatuluka mu 1974, osewera ankaponya madayisi atatu pa mphamvu iliyonse, ndipo zotsatira zinkakhala pakati pa 3 ndi 18. Masiku ano ambiri amaponya anayi n'kutaya dayisi lotsikitsitsa, zomwe zimakweza manambala ndithu, koma sizithetsa kukondera kwa mwayi.

Popeza mwayamba kumene, ine ndikukulangizani kuti aliyense atenge 15, 14, 13, 12, 10 ndi 8, monga malamulo a masewerawa a mu 2014 amalolera, n'kuwagawa momwe akufunira: wankhondo aike 15 pa nyonga, wamatsenga pa luntha. Ngati mtima udakali pa madayisi, ponyani kamodzi kokha pa mphamvu iliyonse pamaso pa onse, ndipo gulu lonse ligwiritse ntchito manambala omwewo.