Ku Kanazawa pitani, koma malupanga muwaiwale

Achimwene ena andilembera imelo, ali ku Tokyo pa maphunziro a kuntchito ndipo Loweruka lopuma ali nalo limodzi basi. Akufuna akaone za ma samurai, ankhondo akale a ku Japan, mu mzinda wa Kanazawa, koma mnzawo wawauza kuti n'kutaya ndalama chifukwa nsanja ya linga lake kulibe.

Mnzanuyo sananame achimwene, nsanjayo inapsa ndi mphezi mu 1602 ndipo sanaimangenso, moto wina wa mu 1881 unadzanyeketsa zambiri zotsala. Koma mawu amenewa amandinyansa, chifukwa ine ndinapitako mu Disembala ndi gulu, ndipo mmodzi mwa ife anadandaula chimodzimodzi tsiku lonse. Tafika ku Nagamachi, kumene kunkakhala ma samurai, mvula ikuwaza, timisewu topapatiza tokhotakhota, makoma a dothi atawakuta ndi mphasa za udzu kuti chipale chisawagumule, madzi akuyenda mu ngalande m'mbali mwa njira, iye ati "ndiye izizi basi?" Ankafuna avale zankhondo, agwire lupanga, ajambulitse, aponye pa Facebook. Wotiperekeza nayenso ankangotithamangitsa kuti tikafike kusitolo ya zokumbukira.

Ine ndinawazemba n'kukalowa mu tinyumba tiwiri ta ma ashigaru, asilikali wamba a pansi penipeni. Mwaulere. Tizipinda tochepa, khitchini yamdima, kadimba kuseri. Anthu ankakhalamobe mpaka cha m'ma 1990! Apa ndi pamene nkhani yonse ili. Maeda Toshiie analowa mu Kanazawa mu 1583, ndipo banja lake linalamula dera la Kaga mpaka ulamuliro wa ma samurai utatha, chuma chawo ankachiwerengera pa mpunga, ma koku oposa 1 miliyoni, koku mmodzi ndi mpunga woti munthu adye chaka chathunthu. Nkhondo zitatha, kwa zaka zoposa 200 samurai anali munthu wa mu ofesi, wolondera pageti, wolemba za msonkho, kudikira malipiro ampunga ngati mphunzitsi wa pulayimale pa 27, ngongole zili mbwee. Mu 1876 boma linaletsa kuyenda ndi lupanga. Ndiye amene amapita kukafuna magazi akunama, mafilimu anamupusitsa.

Komanso a Maeda anali ochenjera heavy. Pofuna kuti a Tokugawa, banja lomwe linkalamulira Japan yense nthawi imeneyo, asawakayikire kuti akukonza zoukira, ndalama ankazithira mu zaluso, masewero a Noh, tiyi, minda. Munda wa Kenrokuen unachokera kumeneko, nyengo yozizira mitengo ya paini amaimangirira zingwe kuchokera pamwamba kuti nthambi zisathyoke. Golide wopyapyala wokutira zinthu pafupifupi yense wa mu Japan amapangidwa ku Kanazawa konko, mpaka amamuyala pa ayisikilimu, ine sindinagule, golide sakoma kanthu ndipo musalole wina akunamizeni. Mzindawu sunaphulitsidwe pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'chifukwa chake misewu yakale ilipobe.

Tsono mupange chonchi

Kwerani sitima yothamanga ya Hokuriku Shinkansen m'mamawa, inafika ku Kanazawa mu 2015, ndi maola awiri ndi theka kuchokera ku Tokyo. Yambani Nagamachi anthu asanadzaze, tinyumba ta ma ashigaru kenako nyumba ya a Nomura, omwe anali ma samurai audindo, kuti muone kusiyana kwa wamkulu ndi wamng'ono, valani masokosi osabooka chifukwa nsapato muvula. Idyani ku msika wa Omicho, mudutse pa geti ya linga ya Ishikawa ya mu 1788 popita ku Kenrokuen. Ambulera musaisiye, kumagwa mvula kwambiri. Ngati nsanja ndi imene mukuifunadi, pitani ku Matsumoto, yawo ndi imodzi mwa 12 zenizeni zotsala, mnzanuyo mumutenge.