Thankiyo iyambe yadikira, phunzitsani kaye zala

Achimwene, mwafunsa chifukwa chimene mafilimu anu a 4x5 (amodziamodzi, a mainchi 4 ndi 5) akutulukira okalikakalika, thambo lili mawangamawanga, mukawatsuka m'mathireyi, ndiponso ngati kuli bwino mungogula thanki yotsukiramo mafilimu. Ine ndikuti musafulumire. Mwanena nokha kuti tsiku loyamba lomwelo munaponyamo asanu ndi limodzi pakamodzi. Pagona nkhani ndi pamenepo.

Nanenso zinandionekera. Ndinajambula agogo anga atakhala pakhonde, ndipo kona ya filimu ina inadula mzere woyera kuchoka pachipumi mpaka pachibwano. Mwayi wowajambulanso sunapezeke. Mpaka lero zimandiwawa.

Filimu ikanyowa, mbali ya emulsion, imene imagwira chithunzi, imafewa kwambiri, pomwe makona amakhalabe akuthwa ngati lumo. Ndiye yambani ndi imodzi, kenako ziwiri. Zinayi muzifike patapita milungu. Thireyi ikhale yokulirapo: ya 8x10 pa filimu ya 4x5. Ikakhala yothina, mankhwala amawomba m'mbali n'kubwerera, m'mphepete mwa negativu (filimu yotsukidwayo) mumada kuposa pakati. Ndandalikani mathireyi anayi, a madzi, developer (wotulutsa chithunzi), stop bath (woimitsa developer) ndi fixer (wokhazikitsa chithunzi), ndipo malo ake asamasinthesinthe kuti manja aloweze.

Madzi oyambawo musawadumphe mukamatsuka angapo. Lowetsani filimu imodziimodzi ndi dzanja louma, iliyonse imire bwinobwino inzake isanabwere. Awiri ouma akakhudzana m'madzi amamatirirana, ndipo polekanitsa mumawononga onse. Mumdima mbali ya emulsion mumaidziwa ndi timano todulidwa pakona: filimu ikaima chotalika, timanoto tili kumwamba kudzanja lamanja, ndiye kuti emulsion yayang'ana inu. Ena amatsuka emulsion itayang'ana pansi, ine ndimaiyang'anitsa kumwamba chifukwa pansi pa mathireyi anga si posalala.

Tsopano pamene pali luso penipeni. Sololani filimu yapansi, ndikutanthauza muitulutse yonse cham'mbali, osaikwekwereza pansi pa anzake. Muikweze, muigoneke chafulati pamwamba pa mankhwala, kenako muimize ndi nsonga zofewa za zala, osati zikhadabo. Ikalowa chopendekera kona ili patsogolo, ndi mzere umene munauona uja. Muzizungulira mulu wonse modekha pafupifupi masekondi 30 aliwonse, liwiro lake limodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Yoyamba kulowa muitembenuze kuti timano take tikhale kwina, muzidziwa pamene mwamaliza kuzungulira, ndipo ikhalenso yoyamba kutuluka.

Za mawanga a kuthambowo, ndikukayikira kutentha. Nthawi zimene opanga amalemba n'za madigiri 20 Celsius. Mwezi wa Okutobala madzi a pampopi amapitirira pamenepo kutali, ndipo zala zanu zomwe zimawonjezera kutentha m'thireyimo. Mukafupikitsa nthawi kuti mugwirizane nako mumagwera pansi pa mphindi 5, pamene a Kodak eniake amachenjeza kuti filimu siitsukika mofanana. Khazikani thireyi ya developer m'beseni la madzi oponyamo ayezi, muyeze musanazimitse nyali. Kusungunula kumathandizanso. Filimu ya Ilford HP5 Plus mu developer wa ID-11 wosasungunula imafuna mphindi 7 ndi theka, koma pa 1+1 (gawo limodzi la mankhwala, limodzi la madzi) imafuna 13, ndipo manja amapeza mpata wogwira ntchito mosathamanga. A Ilford amati mukamagwedeza mosalekeza, monga m'thireyimu, muchotseko mpaka 15 peresenti pa nthawiyo.

Nyali yofiira ija ndi ya pepala losindikizirapo zithunzi, filimu wamba imaiona. Pamafunika mdima wa ndiweyani. Khalani m'chipindamo mphindi khumi musanatsegule bokosi. Mukayamba kuona dzanja lanu, tsekani mpata wa pansi pa chitseko ndi bulangete. Foni ikhale m'thumba. Ine ndinajambula mawu anga ndikuwerenga mphindi, ndimangowamvera. Ngati mukufuna kuona zimene manja akuchita, filimu ya Ilford Ortho Plus imalola nyali yofiira kwambiri yosawala kwenikweni, ndipo pophunzirira ndi yabwino zedi.

Chonde valani magolovesi opyapyala a nitrile. Mu developer wa D-76 ndi wa ID-11 muli mankhwala otchedwa metol, amene ena amatupa nawo khungu, ndipo likangoyamba silisiya msanga.

Zotsalazo n'zosavuta. Rapid fixer pa 1+4 (gawo limodzi la mankhwala, anayi a madzi), mphindi 2 mpaka 5, mukatero yatsani nyali. Potsukuluza samalanibe, emulsion ikadali yofewa ndipo ambiri amakalira pomwepa atatopa. Yanikani popana kona imodzi, m'bafa mopanda fumbi, chitseko chotseka.

Asanu ndi limodzi owonongekawo musataye. Mawa awaikeni m'thireyi ya madzi okha masana dzuwa likuswa mtengo, muzisolola ndi kugoneka mukuona, kenako mutatsinzina. Ndipo mutiponyere pano chithunzi cha negativu imodzi mutaiyang'anitsa pawindo, tione ngati mawangawo ali m'mphepete kapena pakati.